Kuyeza matenda a magazi akumtundu kuyambire kwa makanda

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za kuyeza matenda a magazi otengera kwa makolo, nkhani imene ambiri amaikamba ngati kuti kugula makina oyezera DNA ndiye kuthetsa vuto. Ine ndikuona kuti kuyezaku kuyenera kuyambira kwa makanda, ndipo kuzichitika pokhapokha pamene pali chithandizo choti chitsatire.

Matendawa sapezeka mofanana m'madera onse. Sickle cell, matenda amene amapinda maselo ofiira a magazi ngati chikwakwa, ndi wofala kumwera kwa chipululu cha Sahara, m'zigawo zina za India ndi ku Middle East, ndipo mu 1954 wasayansi Anthony Allison anasonyeza kuti munthu amene anatengera jini (malangizo a m'thupi ochokera kwa makolo) yoyambitsa matendawa kwa kholo limodzi lokha amatetezeka ndithu ku malungo aakulu, n'chifukwa chake jiniyi inakhazikika kumene malungo amavuta. Thalassaemia, matenda ochititsa kuchepa kwa magazi, ndiye wovuta kwambiri kuyeza, chifukwa zolakwika za m'majini zoyambitsa mtundu wake wa beta n'zoposa 200, ndipo dera lililonse lili ndi zake zochepa zimene zimapezeka kawirikawiri. Njira yoyezera yokonzedwa potengera anthu a ku Cyprus kapena ku Sardinia ingathe kuphonya munthu wa ku Thailand, choncho dziko lililonse liyenera kudziwa kaye zimene zili m'magazi a anthu ake lisanagule zipangizo.

Pa sickle cell cholakwika n'chimodzi, pa jini yotchedwa HBB, ndipo kadontho ka magazi kotengedwa pachidendene cha khanda n'kokwanira kuchipeza. Mwana wotere amaoneka wathanzi m'miyezi yoyambirira chifukwa hemoglobin (chonyamula mpweya m'magazi) imene anabadwa nayo imakhala ikumuteteza, koma ikayamba kuchepa kapamba amafooka, ndipo matenda obwera ndi mabakiteriya angathe kumupha makolo asanadziwe chimene chikumuvuta. Kafukufuku wa ku United States wa mu 1986 anapeza kuti penisilini womwa tsiku ndi tsiku anachepetsa matenda oterewa ndi 84 peresenti mwa ana aang'ono. Ku Kumasi m'dziko la Ghana anayamba kuyeza makanda mu 1995. Penisilini, katemera, kupewa malungo ndi mankhwala otchedwa hydroxyurea ndizo zimapatsa kuyezako phindu; popanda izi mayi amangopatsidwa pepala lomudetsa nkhawa.

Kuyeza akuluakulu asanakwatirane kuli ndi ubwino wake, koma kumafuna aphungu odziwa kufotokoza. Ngati bambo ndi mayi aliyense ali ndi jini imodzi yolakwika, mwayi woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi pa mimba iliyonse, osati mwana mmodzi mwa ana anayi, ndipo ambiri amasokoneza pamenepa. Komanso wonyamula jini imodzi si wodwala. M'zaka za m'ma 1970 ku United States anthu ena otere anakanidwa ntchito ndi inshuwalansi chifukwa chosamvetsa kusiyanaku. Ndikupempha kuti zotsatira zizisungidwa mwachinsinsi, ndipo lamulo liletse olemba ntchito ndi makampani a inshuwalansi kuzifuna.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu