Ma vape awa ana athu a m'makoleji akuwayesa maswiti

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinene za ana athu a m'makoleji muno mu Lusaka. Ine ndimagulitsa vitumbuwa ku Kalingalinga pafupi ndi ma boarding house, ndiye ndimawaona tsiku ndi tsiku, anyamata ndi atsikana omwe, vape m'manja, kachinthu kosuta koyendera batire kooneka ngati cholembera, utsi wake kununkhira mango.

Ndinafunsa mtsikana wina kuti mwanangu ukudziwa zimene ukukokazo? Akuti amayi si fodya uyu ndi nthunzi chabe. Nthunzi! Chonsecho ma vape ambiri muli nikotini yemweyo wa mu ndudu amene amapangitsa chibaba, amathamangitsa mtima, ndipo ubongo wa munthu umakhwima mpaka zaka 25, apa wosutayo ali ndi 19. Za ndudu amadziwa bwino, khansa ya m'mapapo amaitchula okha, koma vape ndi shisha, fodya wokokera pa chipaipi chodutsa m'madzi, akuti nzaukhondo.

Lamulo loletsa kusuta pagulu lilipo kuno kuyambira 2008, koma ana awa sadziwa ngati likukhudzanso vape. A unduna wa zaumoyo apite m'makoleji akalankhule nawo, asamadikire 31 May yokha, tsiku lolimbana ndi fodya pa dziko lonse.

Mayi wodandaula,
Kalingalinga