Kalata kwa mnzanga amene akudikira dzino latsopano

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndailandira. Masamba atatu onse nkhani za asayansi, mafunso mbwee, kenako pansi penipeni, utapereka kale moni wa mlamu, kamzere kamodzi kolembedwa mopendekera: akuti dzino lakumbuyo silikukupatsa tulo, koma udikira mankhwala a ku Japan omeretsa lina. Unkayesa sindikaona? Ndakaona, ndipo ndiyambira pomwepo. Za Nobel ziyambe zadikira.

Mankhwalawo alipodi, sindikukana. Dzina lake ndi TRG-035, ndipo amene akutsogolera ntchitoyi ndi dokotala Katsu Takahashi wa pa chipatala cha Kitano ku Osaka. M'thupi muli puloteni yotchedwa USAG-1 imene imaletsa mphukira za mano kukula. Iwo anapanga antibody, kamsilikali ka chitetezo cha m'thupi, yoti igwire puloteniyo kuti isagwire ntchito, ndipo mu 2021 anaonetsa kuti mbewa za mtundu wobadwa ndi mano osakwanira zinamera mano chifukwa cha mankhwalawo. Mu 2024 anayamba kuyesa pa anthu ku chipatala cha yunivesite ya Kyoto: amuna 30, a zaka 30 mpaka 64, aliyense wosowa dzino lakumbuyo. Koma mvetsa bwino, gawo loyambali cholinga chake chinali kuona ngati mankhwalawo savulaza munthu. Amene akuwaganizira kwenikweni ndi ana obadwa mano ena osaumbika n'komwe, ndipo eni ake akulakalaka kuti mankhwala afike kwa odwala cha m'ma 2030. Amadzutsa mphukira imene ilipo kale m'chibwano koma inagona. Sakonza dzino lobooka la munthu wamkulu amene akuopa mpando wa dokotala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Tsono za lako lobookalo. Sunandiuze mmene likupwetekera, ndiye dziyese wekha. Ukamwa madzi ozizira n'kumva kulasa kwa masekondi ochepa kenako zii, mnofu wa m'kati mwa dzino ukadali wamoyo ndipo ungachire. Dokotala achotsa chowolacho n'kumata, nkhani yatha. Ululu ukamakhalitsa kupitirira theka la miniti, ukamabwera wokha usiku utagona, kapena ukamakula ndi zotentha, mnofuwo watupa mosabwereranso. Apo njira ndi ziwiri: kuzula, kapena kuboola pamwamba, kuchotsa mnofu wonse mpaka kunsonga ya mizu, kutsuka timipatato ndi mankhwala opha tizilombo a sodium hypochlorite, kutseka ndi zomatira zonga mphira zotchedwa gutta-percha, kenako kuvundikira dzino lonse ndi chipewa chake kuti lisang'aluke potafuna.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi tsiku limene udzadzuke ululu utatheratu n'kundilembera kuti wachira. Nthawi zambiri kumeneko si kuchira. Mnofu wafa, minyewa yasiya kumva, ndipo mabakiteriya apeza njira yotsikira m'muzu kukafika ku fupa. Kumeneko amapanga mafinya. Maantibayotiki amene mchemwali wako amasunga m'kabati angaphwetse chotupa kwa masabata angapo, koma sangafike m'kati mwa dzino lakufa chifukwa mulibenso magazi oti awanyamule. Ukasiya kumwa, chimabwerera. Aspirin usamuike pa nkhama, amawotcha mnofu basi. Ndipo ukaona kutupa kukutsikira pansi pa chibwano kapena kukwera cha kudiso, kukamwa kukukanika kutsegula, malovu akuvuta kumeza, thupi likutentha, usadikire kuti kuche. Kutupa kwa pansi pa lilime kumatha kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa. Sindikukuopseza, ngakhale ndikudziwa kuti uwerengera mlamu ndime imeneyi mukuseka.

Cholembera chako chija usinthenso. Mawu ena ndachita kulota.

Za amalume ndamva, ndipo zandikhudza. Katatu pa sabata pa makina osefa magazi, maola anayi ulendo uliwonse, munthu wa msinkhu wawo, si zamasewera. Wafunsa ngati impso ya nkhumba ingawathandize. Ndikuuza mmene zilili, iwe ukasankhe mawu owauzira.

Vuto loyamba ndi lakuti pa maselo a nkhumba pali mitundu ya shuga imene thupi la munthu lilibe, waukulu wake ndi alpha-gal. Tonsefe tili kale ndi ma antibody olimbana nawo, moti impso ya nkhumba wamba ikalumikizidwa ku mitsempha ya munthu, magazi amaundana m'kati mwake ndipo imada n'kufa m'maminiti kapena maola. Ndiye chifukwa chake amasintha majini a nkhumbayo isanabadwe. Ya kampani ya eGenesis anaisintha malo 69: atatu ochotsa mashuga aja, 7 oikamo majini a munthu oletsa kutupa ndi kuundana kwa magazi, ndi 59 opha mavairasi amene anakhazikika mu DNA ya nkhumba kalekale. Ya Revivicor anaisintha malo 10 okha, kuphatikizapo kuletsa chiwalocho kukula mopitirira, poti nkhumba imakula msanga kuposa munthu.

Richard Slayman analandira impso yotere mu March 2024 ku Massachusetts General Hospital ku Boston. Anamwalira patatha pafupifupi miyezi iwiri, ngakhale achipatala anati sanaone chosonyeza kuti impsoyo ndiyo inachititsa. Towana Looney anaikidwa yake ku chipatala cha NYU Langone ku New York mu November 2024, inagwira ntchito masiku 130, kenako thupi linaikana ndipo anaichotsa. Tim Andrews anafika masiku 271 asanabwerere pa makina. Kwa ofufuza, manambala amenewa ndi aakulu zedi, poti David Bennett amene anaikidwa mtima wa nkhumba ku Maryland mu 2022 anakhala miyezi iwiri yokha. Kwa amalume, miyezi 9 si yankho. Impso yochokera kwa munthu wamoyo imatha kutumikira zaka 15 kapena kuposa. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaloleza kafukufuku weniweni wa impso za nkhumba mu 2025, koma amatenga odwala ochepa osankhidwa mosamala. Chiyembekezo chawo achiike pa mndandanda wa odikira impso ya munthu, ndiponso pa achibale amene angalole kuyezedwa. Paja mng'ono wako anati ayezetsa gulu la magazi ake, zinatha bwanji?

Pa nkhani ya mayi Looney pali mfundo imene nyuzipepala zinangoidutsa. Madokotala awo anafotokoza kuti anachepetsa mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi pofuna kuchiza matenda ena osakhudzana ndi impsoyo, ndipo kukanako kunabwera pambuyo pake. Wolandira chiwalo aliyense amakhala pakati pa ziwirizi: mankhwala akachuluka tizilombo timapeza mpata, akachepa thupi limalimbana ndi chiwalocho. Ndiye kachilombo kalikonse kobisala m'thupi n'koopsa. Ndipo ukudziwa malo amodzi amene timakonda kubisala? Wadziwa kale kumene ndikupita. M'kamwa.

Asanavomereze munthu kuti alandire impso, zipatala zambiri zimafuna kuti dokotala wa mano amuone, ajambule chibwano chonse, achotse mizu yotsalira ndi mano oti sangapulumuke, ayeretse nkhama. Amalume asadikire kuti achite kuuzidwa. Apite tsiku lotsatira atachoka pa makina, osati tsiku lomwelo, chifukwa heparin amene amawaika posefa magazi amachititsa kuti bala lichedwe kusiya kukha. Akumbutse adokotala kuti asawayeze BP pa mkono umene uli ndi fistula, mtsempha uja amalumikizapo makina osefa magazi. Ibuprofen ndi anzake a gulu limenelo asamwe popanda kufunsa dokotala wa impso. Pozulidwa dzino pamafuna masabata angapo kuti patseke bwino, ndiye zikhale zitatha foni yowaitana isanalire. Akalandira impso, miyezi yoyambirira mankhwala monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisone amakhala ochuluka, ndipo ntchito ya mano yosafulumira amaiimitsa kaye miyezi itatu mpaka 6. Akadzapatsidwa cyclosporine, makamaka pamodzi ndi amlodipine kapena nifedipine wa BP, nkhama zimatha kukula mpaka kukwirira mano, ndipo zimakula kwambiri mwa munthu amene satsuka bwino. Mutengane awirinu, ulendo umodzi. Iwe ukakhale pa mpando poyamba kuti amalume aone kuti sukufa.

Chabwino, za makompyuta, poti wadzaza nazo tsamba lathunthu. Inde, mu 2024 Hopfield ndi Hinton analandira Nobel ya physics chifukwa cha ntchito yawo pa makompyuta ophunzira okha, ndipo Hassabis ndi Jumper anagawana ya chemistry ndi David Baker chifukwa cha mapuloteni. AlphaFold, pulogalamu ya Hassabis ndi Jumper, inalosera maonekedwe a mapuloteni oposa 200 miliyoni, zimenezo ndi zoona ndipo zasintha ntchito ya m'malabu. Koma funso lako lakuti kompyuta ingakuuze ngati dzino lako lili bwino ndaliona kumene likulowera. Mapulogalamu owerenga X-ray ya mano alipo, ena monga Second Opinion ya kampani ya Pearl anavomerezedwa ndi FDA mu 2022, ndipo amathandiza dokotala wotopa kuona kachibowo ka pakati pa mano. Koma amawerenga chithunzi, ndipo kuwola sikuoneka pa chithunzi mpaka gawo ndithu la mchere wa m'dzino litasungunuka. Sangagogode dzino, sangaliike chozizira n'kuwerenga masekondi. Kuti chithunzicho chipezeke, uyenerabe kukatsegula pakamwa pamaso pa munthu.

Ngozi yaikulu ya mapulogalamu otere ndi kuphunzira chinthu cholakwika koma n'kumakhoza mayeso. Mu 2018 ofufuza a ku Mount Sinai ku New York anaonetsa kuti pulogalamu yophunzitsidwa kuzindikira chibayo pa X-ray ya pachifuwa inkatha kuzindikira chipatala chimene chithunzi chachokera, ndipo poti chipatala china chinali ndi odwala chibayo ambiri, inkadalira zimenezo polosera. Itapatsidwa zithunzi za kwina, kukhoza kwake kunatsika. Choncho ukawerenga kuti kompyuta yaposa madokotala, funsa zinthu zitatu: inayesedwa pa odwala a chipatala china? Zithunzi za munthu mmodzi sizinapezeke kophunzirira ndi koyesera komwe? Nanga amene analemba mayankho olondola ndani, ndipo anagwirizana okhaokha?

Nkhani ya ubongo wa ntchentche ndiyo yandisangalatsa kuposa zonse, ngakhale iwe unaiseka. Kantchentche kakang'ono ka pa zipatso, ubongo wake wosafika kukula kwa kamchenga kakakulu, anaudula tizigawo pafupifupi 7,000 n'kujambula kalikonse ndi maikulosikopu ya ma electron. Gulu la FlyWire, lotsogoleredwa ndi a ku Princeton, linatulutsa mapu ake onse mu October 2024: maselo a minyewa 139,255 ndi malumikizano oposa 50 miliyoni. Kompyuta ndiyo inatsata ulusi uliwonse kuchoka pa chithunzi china kupita pa china, koma imalakwitsa m'njira ziwiri: kudula selo limodzi kukhala awiri pamene kagawo kanapindika kapena kung'ambika, ndi kumata maselo awiri oyandikana kukhala limodzi. Kukonza zimenezi kunatenga anthu ntchito yokwana zaka pafupifupi 33 za munthu mmodzi. Za ubongo wa munthu ndiye tisanene. A ku Harvard ndi Google anajambula kachidutswa kokwana pafupifupi kyubiki milimita imodzi, n'kupezamo maselo 57,000 ndi malumikizano 150 miliyoni, ndipo zithunzi zake zinadzaza ma petabyte 1.4, kutanthauza ma gigabyte 1.4 miliyoni. Mapu amakuuza kuti selo ili likhudzana ndi ilo, koma sakuuza chimene akuuzana.

Za olumala olankhula kudzera pa kompyuta ndi zenizeni. Casey Harrell, wodwala ALS, matenda opha minyewa yoyendetsa minofu, anaikidwa timawaya 256 pa mbali ya ubongo yoyendetsa milomo ndi lilime ku yunivesite ya UC Davis ku California, ndipo kompyuta inkalemba molondola mawu pafupifupi 97 pa 100 aliwonse amene ankayesa kunena. Siwerenga maganizo ayi, imamva malamulo amene ubongo ukutumiza ku minofu yosayenda. Chovuta ndi chakuti ubongo umasuntha pang'ono m'chigaza, ndipo thupi limamanga chipsera kuzungulira chitsulo, ndiye mauthenga amasintha ndipo pulogalamu iyenera kumaphunzitsidwanso. Kwa Noland Arbaugh, amene kampani ya Neuralink inamuika kachipangizo mu ubongo, tiulusi tambiri mwa 64 timene anamuika mu January 2024 tinasolokako patangopita masabata ochepa.

Ndikanakusiya pomwepa, koma pali kena. Mu 2019 ofufuza anapeza zizindikiro za bakiteriya wa matenda a nkhama, Porphyromonas gingivalis, mu ubongo wa anthu amene anamwalira ndi Alzheimer, matenda aja oiwalitsa. Chilungamo chake, kupezeka pamodzi sikutanthauza kuti ndiye woyambitsa, poti munthu woiwalaiwala amaiwalanso mswachi, ndipo mankhwala amene anapangidwa kuti atseke poizoni wa bakiteriyayo sanakwaniritse cholinga chake pa kafukufuku wa 2021. Koma iwe amene umaiwala kale kuyankha makalata miyezi inayi, ine sindingaike moyo pachiswe.

Pepala latsala zala ziwiri. Mswachi wofewa, kawiri pa tsiku, maminiti awiri, mankhwala okhala ndi fluoride wosachepera 1,350 ppm, ukamaliza ulavule koma usachukuche ndi madzi. Upereke moni kwa mlamu ndi ana, amalume uwauze kuti tikuwakumbuka. Ukandiyankha uyambe ndi tsiku limene wakaonana ndi dokotala, ukapanda kutero za AlphaFold 3 zimene unafunsa zija sindi