Eriyo ilibe mlandu, vuto lili mu tuner

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya ma TV odukaduka chithunzi, poti ine ntchito yanga ndi yokonza ma TV ndi mawailesi ndipo ndatopa kuona anthu akutaya ndalama pa mabusta, tizipangizo tokuza mphamvu ya zomwe eriyo yakola. Sabata yathayi kunabwera mayi ena, akuti mwana wawo watha masiku atatu padenga kupotokola nsungwi ya eriyo, wina m'nyumba akukuwa "yabwera! ayi yapitanso!", chithunzi chikungosweka timabokosi timabokosi. Ndinapita konko ndi dekoda yanga, kulumikiza pa eriyo yomweyo, chithunzi mbee.

Kumbuyo kwa TV kapena dekoda, pamene timalowetsa waya wa eriyo paja, pali kabokosi kachitsulo, ndiye tuner imeneyo. Njira yake ndi yakalekale, ya superheterodyne, ya Edwin Armstrong mu 1918. Tuner imapanga frequency yakeyake nkusakaniza ndi ya siteshoni kuti chilichonse chitsikire pa frequency imodzi yotchedwa IF, cha m'ma 36 MHz. Tsono tamvani masamu ake. Tchanelo 21 ili pa 474 MHz, tuner imadziika pa 510, kusiyana kwake 36, zili bwino. Koma tchanelo 30 ili pa 546, ndipo 546 kuchotsa 510 ndi 36 yemweyo! Imeneyo ndiye timati image, mlendo wosaitanidwa wovala yunifomu yofanana ndi mwini nyumba, ndipo zikasakanikirana palibe sefa ingazilekanitsenso, ayenera kutsekeredwa pakhomo asanalowe. Sefa yapakhomoyo ndi timakoyilo ndi tizipangizo totchedwa ma varicap, zofunika kutsatira tchanelo chilichonse mukasintha, ndiye ena opanga zotchipa amanyalanyaza pamenepa poti wogula sangaone ndi maso.

Si vuto lathu lokha ayi. Ku Ulaya pogawa matchanelo ankapewa kuika masiteshoni otalikirana matchanelo 9 dera limodzi, ku America a FCC, bungwe lawo longa MACRA, ankaletsa otalikirana matchanelo 14 ndi 15 chifukwa IF yawo inali 45.75 MHz ndipo matchanelo awo ndi a 6 MHz osati 8. Nthawi ya analogi umangoona timizere topingasa koma mpira nkumaonera ndithu, pano pa TV ya digito ya DVB-T2 kulibe zimenezo, chithunzi chimauma basi kenako no signal. Ndiye onjezerani nsanja za mafoni, tuner ikakhala pa tchanelo 52, pa 722 MHz, image yake ili pa 794, momwe muli 4G ya 800 MHz. Mukaikapo busta mwakuza zonse, siteshoni yanu ndi mdani yemwe, nthawi zina mpaka tuner kutsamwa.

Mankhwala alipo. Ma tuner atsopano a chip imodzi amatsitsa IF kufika 4 kapena 5 MHz nkufafaniza image mkati momwemo, ena amayamba akweza kupitirira 1,000 MHz kuti image ikagwere kutali. Pempho langa kwa a MACRA ndi a MBS ndi loti pa katundu wolowa m'dziko aziyang'ananso image rejection, mphamvu ya tuner yotsekereza image ija, kuti ndi ma dB angati pa muyezo wake, osangoti bola yayaka.

Mayi aja ndinawachotsera busta, zinachepako, koma dekoda asinthabe. Inuyo musanatume mwana padenga, bwerekani kaye dekoda ya aneba muyese pa eriyo yanu, malata amaterera nyengo ino.

Wokonza ma TV ndi mawailesi,
Ndirande, Blantyre