Kalata kwa mwana wanga ku Glasgow

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikukhulupirira kuti chifuwa chija chakusiya ndipo wagula jekete lochindikala monga tinagwirizanirana. Kuno ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, tonse tili bwino, ngakhale bambo ako akudandaulabe ndi msana.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni umafulumira kunena kuti zonse zili bwino, kenako umatsanzika kuti ukuthamangira m'kalasi. Msuweni wako wandionetsa zithunzi zimene anzako akuika pa Instagram, ndipo paliponse pamene ukuoneka uli ndi tambula m'manja, maso ali psuu, pakati pa anyamata amene sunanditchulirepo, usiku mu Sauchiehall Street. Usamukwiyire, ndine amene ndinamuumiriza.

Ndikudziwa chimene undiyankhe. Unena kuti ku Scotland munthu amaloledwa kugula mowa akakwanitsa zaka 18, pamene kuno ukanadikira kufikira zaka 21, ndiye palibe lamulo limene waphwanya. Zimenezo n'zoona, koma boma lomwelo mu 2018 linakhazikitsa mtengo umene wogulitsa mowa sangatsike kupyola pamenepo, ndipo masitolo saloledwa kugulitsa mowa ikadutsa 10 koloko usiku, chifukwa eni dziko anatopa kuika m'manda anthu awo. Ngati iwo amauopa, iwe mlendo wa dzulodzuloli ukuulimbira mtima chifukwa chiyani?

Malume ako sanayambe ndi kachasu ayi. Anayamba ndi botolo limodzi Loweruka, pamodzi ndi anzake a ku yunivesite, ali mnyamata wanzeru kuposa tonsefe m'banja mwathu. Agogo ako anagulitsa ng'ombe kuti iye aphunzire, ndipo ine ndi amene ndinkapita kukamutola m'ngalande m'mawa anthu akupita ku msika. Mmene umasekera ndi mmene ankasekera iye, ndipo ndikaona zithunzi zija mtima wanga umangoti myuu.

Sindikukana kuti kukhala kutali n'kowawa. Mwezi wa Disembala ukafika, kumeneko dzuwa lizilowa 4 koloko isanakwane, mvula izingowaza tsiku lonse, ndipo m'chipinda ukhala wekha anzako a kuno ali pa ntchito kapena ali mtulo. Nthawi yotereyi ndi imene munthu amapita ku bala kuti angomva mawu a anthu. Ine ndinalira nyengo yonse yoyamba ya chisanu nditafika ku Indiana, choncho usaganize kuti ndikulankhula zimene sindikuzidziwa. Koma mnzako amene amakufuna pokhapokha pamene pali mowa sadzakhalapo tsiku la mayeso, ndipo ambiri mwa anyamata amenewo abwerera kwawo pakutha pa teremu, iwe n'kutsala ndi chizolowezicho.

Za ndalama ndinena mwachidule. Paundi ndi yamphamvu kuposa dola, ndipo ndalama iliyonse imene timakutumizira imachokera ku mashifiti a usiku amene ndimagwira posamalira okalamba. Ndaona pa akaunti kuti ya mwezi uno yatsala pang'ono kutha. Sindinakutumize kutsidya la nyanja kuti ukamwere thukuta langa.

Ngati waumirira kutuluka usiku, usabwerere wekha ndipo usayende m'mbali mwa mtsinje wa Kelvin kapena wa Clyde utamwa. Kumbukira kuti galimoto kumeneko zimayenda kumanzere, ndiye powoloka msewu uziyamba kuyang'ana kumanja. Pakagwa ngozi uimbe 999, osati 911, ndipo ukadwala usiku uimbe 111. Upewenso ndewu za pa bala, chifukwa mlandu wa kupolisi ukhoza kuononga chitupa chako chokhalira m'dzikomo. Koma chimene ndikufuna kwenikweni n'chakuti usiye, mwana wanga, usiye pano chisanamere mizu.

Loweruka likubwerali kwera sitima upite ku Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Ndi pafupi ndithu ndi Glasgow. Ukajambule zithunzi kuti nditumizire agogo ako, aone mudzi umene unapereka dzina ku mzinda wathu. Ufunsenso ku tchalitchi ngati kuli Amalawi, pakuti ku Scotland sasowa, ndipo sangakumane mbale ya nsima.

Bambo ako sindinawauze za zithunzizi, ndipo ndikufuna kuti uwauze wekha. Ndikuimbira Lamulungu 3 koloko masana nthawi ya kuno, imene ndi 8 koloko usiku kwanuko, ndipo uyankhe uli m'chipinda chako kamera ili yotsegula.

Ine mayi ako.