Kalata kwa Mkulu wa ofesi ya zaulimi ya Kasungu ADD: kaufiti wachikasu walowa m'minda ya mtedza ndi soya

Bwana,

Kuno ku Mchinji ndalama ya fizi ndi ya feteleza imachokera ku mtedza ndi soya. N'chifukwa chake ndikulemberani za kaufiti wamaluwa achikasu, yemwe akatswiri amamutcha Alectra vogelii.

Kaufiti wofiira wa m'chimanga aliyense amamudziwa. Alangizi anatiphunzitsa kuthana naye pochita kasinthasintha ndi mbewu za gulu la nyemba, ndipo tinamvera. Koma wachikasuyu amakonda mbewu zomwezo: khobwe, mtedza, soya. Alimi ambiri amamuyesa duwa wamba la m'tchire, popalira amangomusiya.

Chondipweteka n'chakuti amayamba kuwononga asanaonekere. Amadziphatika ku mizu ya mbewu n'kumayamwa madzi ndi chakudya pansi pomwepo. Pamwamba mumangoona phando lafupika, masamba achita chikasu, mlimi n'kumadandaula kuti nthaka yaguga. Mukazula phandolo, pa muzu mupeza chotupa pomwe kaufitiyo wagwira, makoko ndi owerengeka. Maluwa akamatuluka, zokolola zapita kale. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zambiri zisanafe. Zimayenda ndi madzi amvula, mphepo, makasu, ngakhale ziweto zodya m'minda tikakolola.

Ndikupempha kuti alangizi a m'ma EPA (madera a ulangizi wa zaulimi) a Mchinji ndi Kasungu azibwera ndi chomerachi m'manja pa misonkhano, anthu achione, achigwire. Uthenga wake ndi wosavuta: zulani asanabereke njere, muunjike, mutenthe, musamuponye mu khwawa. Wayilesi za m'madera athu ziunene nthawi yopalira, osati titakolola.

China ndi mbewu. Kuli khobwe wotchedwa Mkanakaufiti, yemwe akatswiri athu anamutulutsa chifukwa amapirira udzuwu. Mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri amupeze pafupi, pa mtengo woti angakwanitse, mvula isanagwe. Mulankhulenso ndi a kafukufuku ku Chitedze atiuze poyera mitundu ya soya ndi mtedza yomwe imalimbako m'munda wogwidwa.

Chaka chino, Bwana, tumizani anthu anu ayendere minda mbewu zikadali m'munda, alembe midzi yomwe yagwidwa, kuti mbewu yopirira ikayambe kufika kumeneko.

Ine wanu,
Mlimi wa mtedza ndi soya,
Mkanda, Mchinji