Makolo, tisamawathamangitse ana ku miziyamu yawo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga amene amapita ku miziyamu ya ana (malo oonetserako zinthu kumene ana amaphunzira posewera nazo) ndi kamwana kongoyamba kumene kuyenda. Chikundivuta ndi liwiro lathu akuluakulufe. Mupeza mwana wakhazikika pamalo oseweretsa madzi, akutunga ndi kakapu, kukhuthula, kutunganso. Bambo ali pa wotchi. Mayi akuti, "Tiye, zipinda zikadalipo zambiri, ndalama talipira ija ingapite pachabe." Kenako mwana akukokedwa dzanja uku akulira, ndipo pobwerera onse akugwirizana kuti mwanayu ndi wovuta.

Sikuti ndi wovuta ayi. Malowa anakonzedwa dala kuti iye azichita zomwezo. Miziyamu yoyamba ya ana inatsegulidwa ku Brooklyn, mumzinda wa New York ku America, mu 1899, ndipo ya ku Boston, mzinda wina wa m'dziko lomwelo, inabwera mu 1913. Koma zinthu zinasintha kwenikweni Michael Spock atayamba kuyendetsa ya ku Boston mu 1962. Iye anaona kuti mwana sapindula kwenikweni ndi chinthu chotsekeredwa m'galasi, choncho anayamba kuika zinthu poti ana azigwira, azitsegula, aziona zam'kati mwake. Tsono ngati eni malo anasiya kunena kuti "usagwire", ifeyo tikubweretseranji lamulo latsopano loti "fulumira"?

Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland amene anafufuza kakulidwe ka nzeru za ana, anafotokoza kuti mpaka pafupifupi zaka 2 mwana amadziwa dziko kudzera m'manja, m'kamwa, m'maso ndi kagwedezedwe ka thupi lake. Akagubuduza mpira pamatsetsereko mobwerezabwereza, akufufuza ngati ugweranso komwe unagwera poyamba, ndiponso chichitike n'chiyani akaukankha mwamphamvu. Wamkulu amatopa nazo chifukwa yankho analidziwa kalekale. Mwanayo akulipeza lero, ndipo akufuna atsimikize. Mukamuchotsa pamenepo kuti akaone chipinda cha nyenyezi, mwamudula pakati pa ntchito, ndiye kulirako musadabwe nako.

Ndipo kunena zoona, nthawi zambiri kuthamangaku n'kwa zithunzi. Timafuna foni idzaze, achibale aone kuti tinazungulira paliponse. Miziyamu ya ana ya ku Indianapolis ku America, yomwe inayamba mu 1925 ndipo ndi yaikulu kuposa zonse padziko lapansi, ngakhale wamkulu amatuluka miyendo ikuwawa. Nanga kamwana ka zaka 2 mungakamalizitse bwanji? Ngakhale kumalo aang'ono, chipinda chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira tsiku limodzi.

Sindikunena kuti tingomusiya mwana achite chilichonse. Ana osakwana zaka 3 amaika tinthu m'kamwa ndipo akhoza kutsamwa, choncho diso la kholo lisachoke pa mikanda, timabatani ndi tizidutswa ta zidole za ana okulirapo. Ngati pali mbali yopatulira makanda, yambirani kumeneko, kumene sangagundidwe ndi anzake othamanga. Pitani mwana atagona mokwanira ndiponso atadya, mutenge zovala zosinthira chifukwa madzi aja sawalephera, ndipo mukaona wayamba kutikita m'maso, nyamukani asanafike polira.

Kwa oyendetsa malowa ndili ndi pempho. Makolo ambiri amathamanga chifukwa akudziwa kuti akangotuluka pakhomo, tikiti yatha ntchito. Lolani kuti banja lithe kutuluka mwana akagone, n'kudzalowanso tsiku lomwelo osalipiranso. Ikaninso malo abata oyamwitsirapo, posinthira matewera poti bambo nayenso angafikepo, ndi mipando yafupi pambali pa malo osewerera kuti kholo lizikhala pansi pafupi ndi mwana wake.

Ine wanu,
Kholo la ana aang'ono