Makomiti a eni nyumba asamagamule nkhani pakhonde

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko za makomiti amene eni nyumba amasankha m'madera a m'tauni ya Kasungu kuti aziyang'anira alonda a usiku, misewu ya m'makwalala ndi mijigo. Ambiri amagwa popanda wakuba weniweni. Chimawagwetsa ndi nkhani zogamulidwa pakhonde la wapampando, mlembi kulibe, buku kulibe.

Mvula ikakokolola msewu pamafunika makalavati, miyala ndi mmisiri, ndipo sipalephera kupezeka membala amene mlamu wake ali ndi lole. Kukhala ndi m'bale wodziwa ntchito si mlandu, bola membalayo anene yekha za ubalewo msonkhano usanayambe, mlembi alembe, ndipo ikafika mfundoyo atuluke panja. Zomati "ine sindivota" munthu ali pampando pomwepo n'zosathandiza. Ndani angakane mtengo wa mlamu wa wapampando iye akumuyang'ana m'maso? Komiti itenge makoteshoni atatu olembedwa, onse a ntchito yofanana: malole angati a miyala, matumba angati a simenti, kumaliza liti. Ikasankha wokwera mtengo ilembe chifukwa chake. Ndalama isaperekedwe yonse ntchito isanathe.

Pa ndalama m'pamene tikufuna kutsindika. Tiyerekeze kuti nyumba ndi 80 ndipo iliyonse imasonkha K3,000 pamwezi. Imeneyo ndi K240,000. Ikamalowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma, imasakanikirana ndi yake yogulira mayunitsi a magetsi ndi ndiwo, moti pakutha pa mwezi ngakhale munthu wokhulupirika sangathe kulongosola. Bungwe la eni nyumba litsegule akaunti m'dzina lake, osayinira akhale atatu a mabanja osiyana, awiri azisayina nthawi iliyonse. Chikalata chotapira ndalama kubanki chisasayinidwe chisanalembedwe kuchuluka kwa ndalamazo, ngakhale wina akupita ku maliro kutali. Wosonkha aliyense alandire lisiti la nambala, kope la kaboni litsale m'buku, ndipo amene amatolera asakhale yemweyo wolemba buku la ndalama.

Vuto limakula mu Disembala. Membala amapempha kuti abwerekeko ya feteleza, abweza fodya akalowa kumsika. Anzake amachita manyazi kukana, poti mawa adzakhala iwo. Koma msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, pamene mlonda amafuna malipiro ake mwezi ndi mwezi. Akadikira miyezi iwiri amasiya, kapena amangobwera kudzagona, ndipo anthu akaberedwa amaleka kusonkha. Malamulo a bungwe anene mosabisa kuti thumbali silibwereketsa aliyense, kuyambira wapampando. Wofuna ngongole apite ku banki m'khonde.

Chifundo nacho chimafuna lamulo. Gogo wolera ana amasiye angathe kukhululukidwa, koma msonkhano wa anthu onse ugwirizane kuti oyenera kukhululukidwa ndi otani, kuopa kuti komiti ingamakhululukire a mpingo wake okha. Pomwepo agwirizanenso ngati wosonkha ndi mwini nyumba kapena wochita lendi. Amene watsalira ayambe wayenderedwa kunyumba, kenako kalata. Kumwaza mayina pagulu la WhatsApp musanamve mbali yake n'kumuyalutsa munthu, mwina lisiti analitaya ndi wotolera. Ndipo membala wa komiti akatsalira, chindapusa chake chikhale chimodzimodzi.

Alawansi, ngati ilipo, aikhazikitse ndi anthu onse pamsonkhano waukulu. Komiti isadziikire yokha. Miyezi itatu iliyonse msungichuma awerenge poyera zolowa ndi zotuluka, sitetimenti ya kubanki ili m'manja, ndipo anthu awiri osakhala m'komiti aone mabuku. Komiti ikamatula pansi udindo, mabuku, malisiti ndi makiyi aperekedwe tsiku lomwelo pamaso pa anthu, mayina a osayinira asinthidwe kubanki sabata isanathe.

Eni nyumba okhudzidwa,
Kasungu